Kumabwinja m'mawa, kuvinyo masana: ulendo umene tikuukana



Lamulungu lapitali, Misa yachiwiri itatha, tidaima kagulu pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, tikupatsirana foni ya mlongo wathu wina amene adachita mwayi wopita ku Roma pa Jubile ya Achinyamata m'chaka cha 2025. Zithunzi zidali zambirimbiri, koma ziwiri ndizo zidatitsalira m'maso. Choyamba chidali cha munthu woumbidwa ndi pulasitala, atanjuta, mawondo ali pachifuwa, manja ataphimba kumaso. Chotsatira chake chidali cha matambula a vinyo wofiira atakwezedwa m'mwamba, nkhope zili mwee, kumbuyo kukuoneka phiri. Foni sinama nthawi: pakati pa zithunzi ziwirizo sipadapite ngakhale ola lathunthu.

Tineneretu kuti mlongo wathuyo alibe mlandu. Adalipira ulendo umene adamugulitsa, ndipo adakwera basi pa nthawi imene adamuuza. Mlandu wathu uli pa ulendo womwewo, umene amalonda a zokopa alendo ku Italy amaugulitsa tsiku ndi tsiku: kukaona mabwinja a mzinda wakale wa Pompeii m'mawa, kenaka kukalawa vinyo kumunda wa mphesa masana, zonse pa tikiti imodzi. Ife tikuti zinthu ziwirizi adazimanga mtolo umodzi molakwa, ndipo amene amapsinjika mu mtolowo ndi anthu akufa.

Kwa inu amene simudaumvepo, ulendowo umayenda motere. Basi imanyamula alendo m'mamawa. Ochokera ku Roma amayenda makilomita pafupifupi 240, maola atatu kupita, atatu kubwerera. Ochokera ku Naples kapena ku Sorrento ali pafupi. Akafika pa chipata cha mabwinja, woperekeza alendo amakweza kambendera kapena ambulera kuti anthu ake asasochere, n'kuwayendetsa maola awiri. Zikatero basi imakwera m'mbali mwa phiri la Vesuvius mpaka kumunda wa mphesa, kumene tebulo limakhala loyalidwa kale: buledi, tchizi, nyama youmitsa, supageti wa matimati, ndi mitundu itatu kapena inayi ya vinyo. Kumeneko palibe wothamangitsa mnzake. Mtengo wake kawirikawiri umapitirira mayuro 100 munthu mmodzi, ndalama zimene ife tikamazisintha m'makwacha timayamba tapumira kaye m'mwamba.

Tsono tiwerengere limodzi. Mzinda wa Pompeii mkati mwa malinga ake ndi mahekitala pafupifupi 66, ndipo mbali imene idafukulidwa ndi mahekitala pafupifupi 44. Aliyense wa ife amene adagwirapo khasu akudziwa kukula kwa hekitala imodzi. Muli misewu ya miyala imene mpaka lero ikuonetsa mikwasa ya mawilo a ngolo, muli misika, mabwalo a masewero, malo osambira, malo ophikira buledi, nyumba za anthu olemera ndi tizipinda ta akapolo. Zonsezi amazipatsa mphindi 120, kuchotsapo zoima pamzere ndi zodikira wina amene watsalira kuchimbudzi. Chakudya chamasana ndi matambula anayi amazipatsa nthawi yofanana nayo, mwina kuposerapo. Munthu ukafuna kudziwa chimene wokonza ulendo akuchiyesa chachikulu, usamvere mawu ake okoma. Yang'ana pamene waika maola.

Kodi malo amenewa n'chiyani makamaka? Ambiri amangoti ndi mzinda wakale. Inde, koma mzindawu sudasanduke bwinja monga midzi ya kwathu imene anthu ake amasamuka nthaka ikaguga. Udafa tsiku limodzi ndi usiku umodzi. M'chaka cha 79, phiri la Vesuvius, limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10, lidaphulika chakumasana. Utsi ndi phulusa zidakwera makilomita pafupifupi 30 m'mlengalenga. Mnyamata wa zaka 17, Pliny Wamng'ono, adaona zonsezi ali kutsidya kwa nyanja ku Misenum, ndipo patapita zaka adazifotokoza m'makalata awiri amene adalembera Tacitus. Amalume ake, amene adali mkulu wa zombo za nkhondo, adafera pa gombe la Stabiae atapita kukapulumutsa anthu. Kwa maola pafupifupi 18 timiyala topepuka tidagwa ngati matalala pa Pompeii, mpaka kuunjikana kupitirira mamita awiri, madenga n'kumagwera anthu amene adabisala m'nyumba. M'mawa mwake mtambo wotentha wa mpweya ndi phulusa udatsika phiri mwaliwiro, n'kumaliza onse amene adatsala. Ambiri mwa anthu oposa 10,000 a mumzindawo adali atathawa, koma chiyambire kufukula m'chaka cha 1748, apezamo mitembo ya anthu oposa 1,100.

Munthu wonjuta uja wa m'foni ndi mmodzi wa iwo. Apa tidekhe pang'ono, chifukwa ambiri amayesa kuti zoumbazo ndi ziboliboli zimene mmisiri wina adasema pofuna kukumbutsa za ngoziyo. Ayi ndithu. Phulusa lidauma mozungulira matupi a anthu. Matupiwo ataola, mudatsala mphako zosunga maonekedwe awo enieni. M'chaka cha 1863 Giuseppe Fiorelli, amene ankatsogolera ntchito yofukula, adayamba kuthira pulasitala wamadzi m'mphakozo, akauma n'kuchotsa phulusa lakunja. Chotuluka ndi munthuyo monga adaliri pa mphindi yake yotsiriza, makwinya a chovala chake, zingwe za nsapato zake, pakamwa pake. Ndipo mkati mwa pulasitalayo muli mafupa ake. Amene waima patsogolo pa choumba chotero waima pa mtembo.

Kumwera chakum'mawa kwa mzindawo, pafupi ndi chipata cha Nocera, kuli malo otchedwa Munda wa Othawa. M'chaka cha 1961 adapezapo anthu 13, akuluakulu ndi ana, atagona motsatana. Iwowa adapirira usiku wonse wa matalala a miyala uja, kutacha adatuluka n'kumayenda pamwamba pa miyalayo kulunjika kuchipata, ndipo mtambo wotentha udawapeza asanafike. Mukudziwa kuti malo amene adagwerawo adali chiyani? Udali munda wa mphesa, wokhala ndi pogonera podyera chakudya nyengo yotentha. Amene akufuna kuona mabwinja pamodzi ndi munda wa mphesa tsiku limodzi, ndi umenewo. Koma maulendo ambiri a maola awiri amalowera chipata cha Porta Marina, mbali ina ya mzinda, ndipo kumeneku sakufikako.

Nanga amafika kuti? Pa bwalo lalikulu la msika, pa malo osambira, pa nyumba imodzi kapena ziwiri za zithunzi zokongola, ndiponso, mosaphonya, pa kanyumba kachiwerewere kotchedwa Lupanar. Pamenepo mzere umatalika, anthu n'kumasekerera zithunzi za pakhoma, woperekeza n'kuponyapo nthabwala zimene wazibwereza kambirimbiri. Ochepa ndi amene amauzidwa mofatsa kuti akazi ogona pa mabedi amiyala aja ambiri adali akapolo, ndi kuti mtengo wa thupi lawo, monga zolembedwa pa makoma zikuonetsera, nthawi zina udali wofanana ndi wa makapu awiri a vinyo wamba. Nkhani yotero siyenda bwino ndi chakudya chimene chikudikira kuphiri, n'chifukwa chake imafupikitsidwa. M'chaka cha 2021, ku Civita Giuliana kunja kwa malinga, akatswiri adafukula kachipinda ka akapolo ka mabedi atatu a matabwa ndi zingwe, kamodzi kakafupi ngati ka mwana. M'chaka cha 2023 adapeza malo ophikira buledi a mawindo otchinga ndi zitsulo, m'mene akapolo ndi abulu ankazungulira mphero limodzi. Pompeii weniweni ndi ameneyu, ndipo samvetseka mothamanga. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale akatswiri eniake mzindawu umawachititsa manyazi akapupuluma. Kwa zaka zambiri alendo ankauzidwa kuti munthu wamkulu wovala khoza lagolide, amene adapezeka mwana ali pamiyendo pake, adali mayi ndi mwana wake. Kafukufuku wa DNA wofalitsidwa m'chaka cha 2024 adaonetsa kuti adali mwamuna, ndipo padalibe ubale wamagazi ndi mwanayo. Mwamuna wina, pa ola la imfa, adanyamula mwana wa eni. Kodi nkhani yotero munthu angaimve n'kuyang'ana wotchi?

Tikudziwa zimene ena a inu mwayamba kale kuyankha. Akatekisiti ayambapo, akudana ndi vinyo. Pepani, si choncho. Sitingadane ndi chimene Ambuye adapatsa akwati ku Kana, chimene wansembe amanyamula pa guwa tsiku lililonse. Ndiponso mphesa si mlendo pa nkhani ya Pompeii. Mzindawu unkakhalira vinyo. M'misewu yake mudali timalo tambirimbiri togulitsira zakudya ndi zakumwa, mitsuko yake ikadalipo. Pa khoma la nyumba ina adapezapo chithunzi cha Bacchus, mulungu wawo wa vinyo, atavala mphesa thupi lonse, ataima pambali pa phiri lobiriwira ndi minda. Chithunzicho chili ku nyumba yosungira zakale ku Naples. Katswiri wina wa ku America, mayi Wilhelmina Jashemski, atafukula malo apafupi ndi bwalo lalikulu la masewero, amene anthu ankawayesa msika wa ng'ombe, adapeza maenje oposa 2,000 a mizu ya mphesa, ali m'mizere. Adawadziwa bwanji? Adathira simenti m'mphako zimene mizu idasiya itaola, njira yomwe ija ya Fiorelli. Phulusa limodzi lidasunga maonekedwe a mphesa ndi a mlimi wake. Kuyambira m'chaka cha 1996 minda ina ya mkati mwa mzindawo idabzalidwanso mphesa motsata mizere yakaleyo.

Choncho ubale wa mabwinjawa ndi vinyo ulipo, ndipo ndi wozama. Chodandaulitsa n'chakuti ogulitsa maulendo ali ndi ubale woona m'manja mwawo koma amagulitsa wabodza. Akadati atenge alendo awo n'kuwaimika pa maenje a mizu aja, n'kuwaonetsa moponderamo mphesa, n'kuwauza amene ankaponda ndi amene ankamwa, tikadavula chipewa. M'malo mwake vinyo amamuika ngati mphotho ya mwana amene wapirira kalasi yotopetsa. Uthenga wake wosanenedwa ndi wakuti: limbani mtima maola awiri m'dzuwa, zokoma zili m'tsogolo. Munthu woyenda pakati pa mitembo mtima uli pa tebulo saona kanthu, ngakhale maso ali tong'o.

Ena akuti: koma anthuwa adafa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, alibe mbale wowalira, ndipo adali opembedza mafano. Funso lathu ndi ili: zimafunika zaka zingati kuti munthu wakufa aleke kukhala munthu? Ife a kuno sitifunika kutiphunzitsa m'buku tanthauzo la phiri kutsikira anthu. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'katimo, ndipo zomwezo zidachitika ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ena mpaka lero sadapezeke. Tayerekezani kuti tsiku lina, zidzukulu za zidzukulu zathu zitatha, wina adzaimika basi pamenepo, n'kuonetsa alendo pamene mayi adagwera ndi mwana kumsana, n'kuwauza kuti afulumire chifukwa nyama yapsa kuhotela. Mtima wathu ukukana. Ngati ukukana za ku Chilobwe, ukulolera bwanji za ku Pompeii? Za kupembedza mafano, tikumbuke kuti pa ntchito zachifundo zimene tidaloweza pa katekisimu, kuika maliro sikufunsa kalata ya ubatizo. Ndiponso anthuwa si akutali monga tiganizira: zaka pafupifupi 20 phiri lisanaphulike, Paulo woyera, ali mkaidi pa ulendo wa ku Roma, adatsikira pa doko la Puteoli, m'mbali mwa nyanja yomweyo, ndipo adapezako akhristu. Adali anthu a mbadwo umodzi.

Yankho lamphamvu kuposa onse ndi lakuti ifenso pa maliro timadya. N'zoona. Pa siwa pamaphikidwa nsima, adzukulu amadya akachoka kumanda, ndipo pomanga chiliza ena amafulula ndi mowa womwe. Moyo suima chifukwa cha imfa, ndipo mwambo wathu sudanenepo kuti uime. Koma taonani dongosolo lake. Amene akudya pa siwa wayamba wagona panja usiku wonse, waimba, wamva dzina la malemu ndi mbiri yake, waponya chipepeso m'mbale. Chakudyacho ndi cha anthu amene alira limodzi. Palibe amene amalengeza maliro ponena kuti kukhala nyama ya mbuzi, ndipo amene wabwera pa siwa chifukwa cha ndiwo mudzi wonse umamudziwa dzina. Pa timapepala ta maulendowa, chithunzi chachikulu kawirikawiri chimakhala tambula yowala padzuwa, mabwinja ali chapatali ngati nsalu yokongoletsa kumbuyo.

Pali kanthu kena kamene mkhristu sangakalumphe. Vinyo amene amalawitsa m'minda imeneyi dzina lake ndi Lacryma Christi, ndiye kuti Misozi ya Khristu. Wofiira amachokera makamaka ku mphesa zotchedwa Piedirosso, woyera ku Caprettone ndi Coda di Volpe. Nthano ya kumeneko imati Lusifara pogwa adathyola chidutswa cha kumwamba n'kuchigwetsera pa gombe la Naples, ndipo Khristu atachiona adalira, misozi yake n'kumeretsa mphesa m'phirimo. Ndi nthano chabe, si chiphunzitso cha Mpingo, ndipo dzinalo ndi lakalekale, sitikuti alisinthe. Alimi amene adalitcha adali anthu odziwa kuti nthaka imene ikuwadyetsa ndi yomwe idakwirira makolo awo. Mwa iwo dzinalo lidali ndi kulemera. Koma likatchulidwa ngati nthabwala yotsegulira botolo, kwa anthu amene ola lapitalo amajambula mwana wakufa, chinachake chasokonekera. Misozi yokhayo imene yatchulidwa tsiku lonselo ndi ya m'tambula.

Nanga alimiwo adye chiyani? Funso ili ndi lachilungamo, ndipo sitikufuna kulanda munthu nsima pakamwa. Mabanja amene amalima m'mbali mwa Vesuvius amakhala pa phiri lamoyo. Lidaphulika koopsa m'chaka cha 1631 n'kupha anthu zikwi zingapo, lidaphulikanso m'chaka cha 1944 n'kuwononga mudzi wa San Sebastiano, ndipo anthu oposa 600,000 amakhala m'dera limene boma lidalilemba kuti ndi loyenera kusamutsidwa msanga zizindikiro zikadzaoneka. Mlimi wotero ali ndi zambiri zoti atiphunzitse, za nthaka yakuda ya phulusa, za kudulira, za kukhala pansi pa chinthu chimene sungachilamulire. Nayenso ulendo wa mtolo umodziwu umamuchepetsa: amasanduka woperekera zakudya kwa anthu otopa amene basi yawo ikulira kale. Munda wake uyenera tsiku lakelake. Amene amapindula ndi liwiroli ndi wogulitsa mipando ya m'basi, amene wapeza kuti zinthu ziwiri zodulidwa pakati zimagulika msanga kuposa chimodzi chathunthu.

Mabwinja eniakewo akulemedwa. M'chaka cha 2024 alendo adapitirira 4 miliyoni, ndipo mu Novembala chaka chomwecho oyang'anira malowa adaika malire a anthu 20,000 pa tsiku, tikiti iliyonse yolembedwa dzina la mwini wake. Khamulo silimwazikana mumzinda monse. Limaunjikana m'misewu yochepa yomweyo, pa maola omwewo, chifukwa mabasi onse akuthamangira chakudya chamasana chimodzimodzi.

Tsono kwa inu amene Mulungu adzakutsegulireni njira, kaya ya maphunziro, ya ntchito kapena ya ulendo wa chipembedzo, pempho lathu si lakuti musapiteko. Pitani ndithu. Kuchokera ku Naples kuli sitima ya Circumvesuviana imene m'mphindi pafupifupi 40 imakutulani pafupi ndi chipata. Lowani m'mawa, mutenge buledi m'chikwama ndi botolo, poti mipopi ya madzi akumwa ilimo. Woperekeza wabwino ndi wofunika, mulipireni maola ake, koma akamaliza inu tsalani. Ngati muli ndi maola awiri okha, kuli bwino kupita ku Herculaneum, mzinda wocheperapo umene udakwiririka pa ngozi yomweyo, kumene mafupa a anthu pafupifupi 300 adapezeka m'zipinda zosungira mabwato pa gombe, akudikira chithandizo chochokera panyanja. Vinyo mudzamulawe mawa lake, mutakhala pansi ndi mlimi, mopanda wokuwerengerani mphindi.

Ndipo mukatulukira chipata cha kufupi ndi bwalo la masewero, muyende pang'ono kulowa m'tauni ya Pompei ya lero. Mudzaona nsanja ya mabelu ya mamita 80. Ndi tchalitchi cha Amayi Maria a Kolona, chimene mwala wake woyamba udaikidwa pa 8 Meyi 1876 ndi khama la Bartolo Longo, loya amene paunyamata wake adataya chikhulupiriro n'kulowa zamizimu, kenaka n'kubwerera. Iye adafika m'chigwachi m'chaka cha 1872 n'kupeza alimi osauka, osaphunzira, okhala pambali pa mzinda wakufa umene anthu olemera a ku Ulaya ankabwera kudzauona. Adamanga nyumba ya ana amasiye aakazi m'chaka cha 1887, ndi ya ana a akaidi m'chaka cha 1892, pa nthawi imene akatswiri ena ankaphunzitsa kuti mwana wa chigawenga amabadwa chigawenga. Papa Leo XIV adamulengeza kukhala woyera pa 19 Okutobala 2025. Pa maulendo a mabwinja ndi vinyo, nsanjayo alendo amaiona pa windo la basi.

Foni ija itabwerera kwa mwini wake, tidamufunsa mlongo wathu ngati adafika ku Munda wa Othawa. Adati dzinalo adaliona pa kachikwangwani koloza njira, ndipo adafunsa, koma adauzidwa kuti ndi kutali ndipo kumunda akudikira. M'chikwama adabweretsa botolo limodzi la Lacryma Christi, mphatso ya bambo ake, amene mpaka lero sadalitsegule.